Laputopu sisunga chinsinsi cha amalume

Amalume anga a pa boma la Chitipa anaphunzitsa Chichewa m'sukulu za pulayimale moyo wawo wonse. Atapuma ntchito, ndalama za penshoni anagulira malata, njinga yamoto ndi rauta. Malata anafolera nyumba, njinga anaipereka kwa mnyamata wa kabaza, koma rauta anaikhazika pamwamba pa kabati, pakati pa Baibulo ndi chithunzi cha ukwati, n'kuifunditsa kansalu koluka monga tinkachitira ndi wailesi kale.

Bandulo ya mwezi wathunthu inatha m'masiku anayi. Adzukulu anadyako, ochita lendi kuseri kwa nyumba anadyako. Mnyamata wa kabaza uja akabwera kudzapereka ndalama za tsikulo ankakhala pakhonde maola awiri, ati akupumitsa injini. Amalume anasintha pasiwedi, osauza munthu. Kuilemba papepala anakana. Amati chinthu chikalembedwa chimamera miyendo.

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wofunsa ankalandira yankho limodzi.

"Agogo, pasiwedi ya Wi-Fi ndi chiyani?"

"Ndaiwala."

Apongozi atabwera kuchokera ku Wenya, ndaiwala. Abusa atabwera kudzacheza ndi odwala, ndaiwala. Anthu ankangoyang'anana, poti amalume ndi mkulu wa mpingo ndipo bodza amadana nalo kuposa nsikidzi. Koma munthu wamkulu akati waiwala, ungamutsegule mutu?

Zaka ziwiri zinadutsa. Mwezi wa Julayi, kuzizira kwa ku Chitipa kutafika poti madzi osamba umayamba wapangana nawo, foni yawo inagwera m'ndowa. Anatuma munthu kukawagulira ina ku Tunduma. Yatsopanoyo itafika inapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo madzulo ake foni yanga inalira.

"Mphwanga, uli ku Karonga konko? Mawa ukwere galimoto. Rauta yandipandukira."

"Mwaiwala pasiwedi, amalume?"

"Ine sindinaiwale kanthu. Rauta ndiyo yaiwala mwini wake."

* * *

Kuchokera ku Karonga kukafika ku Chitipa ndi makilomita pafupifupi 100. Phula la Atchaina lisanafike, ulendowu unkadya tsiku lathunthu pa lole, ndipo nyengo ya mvula anthu ankagona m'njira. Lero ndi maola awiri. Ndinafika nsima ya masana isanaphulidwe, n'kupeza amalume atakonza kale kope ndi cholembera ngati tikukalemba mayeso.

Ku Lilongwe munthu akaiwala pasiwedi amaifunafuna m'zilankhulo ziwiri. Ku Chitipa ntchito yake ndi ya sabata. Pali Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, kuphatikiza Chibemba chimene amalume anatola pa malonda a ku Zambia ndi Chiswahili chawo chogulira zitenje. Chimene chinatithandiza n'chakuti pasiwedi ya Wi-Fi siikhala ndi zilembo zochepera 8, choncho mayina a agalu awo onse anagwa pa mayeso oyamba.

Tinayesa FortHill, dzina lakale la Chitipa. Inakana. Tinayesa 06071964, tsiku la ufulu. Inakana. Tinayesa nambala yawo ya pa ntchito, chaka cha ukwati, dzina la ng'ombe imene anaperekera malowolo. Pa mwaghona, moni wa kuno, tinakhalitsa: ndi M wamkulu, ndi m wamng'ono, ndi h, popanda h. Rauta siili ngati mphunzitsi wachifundo wopereka theka la malikisi. Chilembo chimodzi chikakula pamene chinayenera kuchepa, walephera basi.

Ndili pafupi kugwa ulesi ndinaona laputopu yakale pansi pa mulu wa mabuku a nyimbo.

"Imeneyi imalowa pa Wi-Fi, amalume?"

"Yokha. Siifunsa n'komwe. Imeneyi ndiye ili ndi ulemu."

Ndinawauza kuti ngati imalowa yokha ndiye kuti pasiwedi ili m'mimba mwake, ndipo kuifunsa ndi nkhani ya mphindi imodzi. Batire lake linafa kalekale, imayaka pokhapokha ili pa magetsi. Ndinalumikiza chingwe, ndinadina batani, ndipo nthawi yomweyo nyumba yonse inati zii. Magetsi anapita.

Azakhali anasonkha mbaula, tonse tinaizungulira, ndipo nkhani za mapasiwedi zinayamba kutuluka ngati inswa.

* * *

Agogo a ku Misuku, amayi awo a azakhali, anali atabwera kuchipatala. Moyo wawo wonse alima khofi, ndipo za makompyuta alibe nazo ntchito. Koma atamva tikunena mobwereza kuti foni ikufuna kiyi wa netiweki, analowa kuchipinda, n'kutuluka atamasula mfundo ya pa chitenje. Anaika pa tebulo makiyi asanu ndi awiri: wa nkhokwe, wa sutikesi, wa loko amene anatayika nthawi ya Kamuzu.

"Yesani awa, ana inu."

Mdzukulu wa ku sekondale anafotokoza kuti kiyi wake si wachitsulo, ndi mawu chabe, amasungidwa m'mutu. Agogo anayang'ana mutu wa mkamwini wawo kwa kanthawi, n'kumanganso makiyi awo pa chitenje.

"Kiyi wopanda chingwe mumamusungitsa kwa munthu wa dazi?"

* * *

Ine ndinasimba ya nyumba ina yogona alendo pa boma pomwepa. Pakhoma analemba ndi zilembo zofiira kuti Wi-Fi ndi yaulere. Nditafunsa pasiwedi, mtsikana wa pa kauntala anati ili ndi abwana.

"Abwanawo ali kuti, achemwali?"

"Apita kumaliro ku Nthalire. Abwera Lachinayi."

"Simungawaimbire?"

"Kumeneko netiweki mpaka akwere pachulu."

Pa tebulo pake panali kompyuta, ndipo iye anali pa Facebook, kutanthauza kuti makinawo pasiwedi ankaidziwa bwino lomwe. Ndinapempha chilolezo, anandipatsa mpando. Ndinadina batani la Windows, ndinalemba cmd, ndipo panatseguka kawindo kakuda bii, kopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Mlonda, amene anali ataima kumbuyo kwanga ndi chibonga, anabwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Bwana, zimenezi si za kumidima?"

Ndinalemba mzere umene ndinauloweza ngati vesi la pa Sande sukulu: netsh wlan show profile name="dzina la netiweki" key=clear. Pakati pa timakoti tiwirito mumalemba dzina la Wi-Fi yanu ndendende monga limaonekera. Mukadina Enter pamatsika mizere yambirimbiri ya Chingerezi, koma inu musavutike nayo. Yang'anani pamene alemba Key Content. Zimene zili kutsogolo kwakeko ndiyo pasiwedi. Ikakana kuonetsa, tsekani kawindoko, mukatsegulenso podina kumanja kwa mausi n'kusankha Run as administrator, chifukwa Windows nayo imafuna kudziwa ngati wofunsayo ndi mwini nyumba kapena mlendo.

Tonse atatu tinaweramira pa sikirini. Pa Key Content panali 12345678.

Mlonda anawerenga ndi chala, kuyambira kumanzere, n'kubwerezanso kuti atsimikize.

"Ndiye abwana anyamula zimenezi mpaka ku Nthalire?"

* * *

Azakhali anati yanga ndi yaing'ono. Iwo anali ndi ya bambo wina wa mu ofesi ina ya pa boma, amene mwezi uliwonse ankapita ku wekishopu ku Mzuzu. Wekishopu yake yosatha, ngati mlandu wa munda. Tsiku lina mayi a kunyumba anagula foni yatsopano ndipo anatuma mwana wawo wa Fomu 3 kuti awapezere pasiwedi ya pakhomo mu laputopu ya bambo ake. Mwanayo sankakumbukira kalembedwe ka dzina la netiweki, choncho anayamba ndi mzere waufupi: netsh wlan show profiles.

Mzere umenewu ndi wa miseche. Umatchula Wi-Fi iliyonse imene laputopu inalowapo n'kuisunga, ngakhale ya chaka chatha, ngakhale ili kutsidya kwa malire. Pa sikirini panatuluka ya pakhomo, ya ku ofesi, kenako malo ogona alendo atatu, onse okhala ndi mawu akuti Nakonde kumapeto. Ya ku Mzuzu panalibe ngakhale imodzi.

Bambo atafika madzulo anapeza laputopu ili pa tebulo, yotsegula, pambali pa nsima.

"Amayi a ana, zinthu zimenezi zimayenda ndi mphepo. Zimauluka patali kwambiri. Munthu uli ku Mzuzu ukhoza kukoka ya ku Zambia."

Mayi anapitiriza kupakula ndiwo.

"Yathu ino siifika ndi kukhitchini komwe. Ya ku Nakonde ndiyo yakwera mapiri onsewa kukakupezani ku Mzuzu?"

Azakhali amati kuyambira pamenepo bamboyo akamapita ku wekishopu amanyamula kope.

* * *

Cha m'ma 4 koloko kunatulukira alamu, amuna a mchemwali wanga, munthu amene sanaonepo vuto lomukanika. Atamva nkhaniyo anaseka, anatola kamtengo ka machesi, n'kulunjika pa kabati.

"Kumbuyo kwa rauta iliyonse kuli kabowo kolembedwa Reset. Mukabaya masekondi 10, imabwerera mmene inachokera kusitolo. Pasiwedi yake ndi imene ili pa stika ya pansi. Nkhani yatha."

Sanalakwitse, kungoti anaiwala kuti Reset imagwira ntchito rauta ili yoyaka. Stika ija imakhala ndi dzina la netiweki, pasiwedi ya kufakitale, ndi manambala olowera m'kati mwa rauta, monga 192.168.8.1 amene amapezeka pa timarauta tambiri ta Huawei. Ndiye munthu amene sanasinthepo pasiwedi chigulireni asavutike ndi zonse ndikusimbazi, angotembenuza kabokosiko. Koma ine ndimawadziwa amalume. Ndinagwira dzanja la alamu kamtengo kali pakamwa pa bowo.

"Alamu, yambani mwaona stikayo."

Anatembenuza rauta. Pamene panali stika panali poyera mbee, popalidwa bwinobwino ndi lezala.

"Ndinafufuta ndine," anatero amalume, osachita manyazi n'komwe. "Munthu ungamange nkhokwe n'kupachika kiyi pakhomo pake?"

Alamu anayang'ana kamtengo kawo, n'kuyamba kutokosera m'mano.

* * *

Alamu omwewo, pofuna kubweza ulemu, anasimba za mlandu umene unakambidwa pabwalo la mfumu ina cha ku Lufita. Wodandaula anali mwini golosale. Wodandaulidwa anali mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, amene kwa miyezi itatu ankaonera mpira wa ku England pa bandulo ya golosaleyo.

Mnyamatayo anadziteteza mwaluso.

"Mfumu, ine m'mpanda mwawo sindinalowemo. Wi-Fi yawo ndiyo imalowa kwathu. Imadutsa mpanda, imadutsa khoma, mpaka pa bedi langa, osaodira n'komwe. Nthambi ya mango ikawerama kulowa m'bwalo mwanu, mango atagwa, mumakawabweza?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Mfumu inagwedeza mutu, ndipo mwini golosale anayamba kutuluka thukuta ngakhale kunali kozizira. Kenako nduna ina yokalamba, imene anthu ankayesa ikuwodzera, inatsegula diso limodzi.

"Mwana iwe, chitseko chake unatsegula ndi chiyani?"

Zinadziwika kuti tsiku lina mwini golosale anamuitana kuti amukonzere kompyuta imene inkakana kusindikiza malisiti. Mnyamatayo anakonza, analandira Fanta, koma asanadzuke pampando anasuzumira pamene pamabisala pasiwedi n'kuilemba pachikhatho.

"Ndiye sunatole mango," inatero mfumu. "Unakwera mumtengo."

Anamulipiritsa nkhuku imodzi. Ndikanakhala iye ndikanaonjezapo ndi mazira, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makompyuta ndi m'manetiweki a eni popanda chilolezo, ndipo kukhoti nkhuku salandira.

* * *

Mdzukulu wa ku sekondale uja anati akuluakulu timadzivutitsa. Anatchula za aneba ena amene mlendo akapempha Wi-Fi amamulanda foni, amatembenukira kukhoma ngati ali pa ATM, amalemba pasiwedi okha chala chili chobisa, n'kubweza foniyo akumwetulira. Sadziwa kuti kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, foni ikalowa pa Wi-Fi imatha kuonetsa kachizindikiro ka QR, mnzako n'kungokajambula, walowa. Pa iPhone, kuyambira iOS 16 ya 2022, umangogusa pa timadontho, foni ikuona nkhope yako, pasiwedi poyera.

Tsiku lina Chitipa United ikusewera, anebawo anathandiza mlendo mmodzi yekha. Pofika hafu taimu kuseri kwa mpanda wawo kunali anyamata khumi ndi awiri, onse chete, mitu pansi, ngati ali pa mapemphero. Mwini nyumba anatuluka, anawaona, n'kukauza akazi awo kuti achinyamata a masiku ano ayamba kusintha.

* * *

Magetsi anabwera tikumaliza chakudya cha madzulo. Rauta inaphethira timaso take tobiriwira, laputopu inalira ngati chigayo cha dizilo, ndipo patapita nthawi yokwanira kuwiritsa tiyi, inadzuka n'kulowa pa Wi-Fi yokha, mwaulemu wake uja.

Amalume analamula kuti aliyense atuluke. Palibe anatuluka. Anavula chipewa n'kuphimba nacho theka la sikirini.

Poti kawindo kakuda kakanawaopsa agogo a ku Misuku, ndinadzera njira ya zithunzi, imene imagwira ntchito ngati kompyuta ili pa Wi-Fi imeneyo nthawi yomweyo. Ndinadina batani la Windows pamodzi ndi R, ndinalemba ncpa.cpl, ndinadina kawiri pa Wi-Fi, kenako Wireless Properties, kenako Security. Yawo ndi Windows 10. Pa Windows 11 ya masiku ano anafupikitsa, mumaipeza mu Settings momwemo, pa Network & internet. Pamaso pathu panali mzere wa timadontho takuda, ndipo pansi pake kabokosi kolembedwa Show characters.

"Amalume, ndikachonga apa, chinsinsi chatha. Ndichonge?"

Anapuma mozama ngati munthu amene akukachotsedwa dzino.

"Chonga, mphwanga."

Ndinachonga. Timadontho tinasanduka zilembo zisanu ndi zitatu, zonse zazing'ono: ndaiwala.

M'nyumba munangoti zii. Amalume anatsitsa chipewa pang'onopang'ono, anavala magalasi, anawerenga, anavula magalasi. Kenako anakhala pansi.

"Ndakumbukira," anatero ndi mawu a munthu wolapa. "Ndinkafuna kumakana popanda kunama. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza zoona zokhazokha. Ngakhale abusa ndinawauza zoona."

"Nanga inuyo munaiwala bwanji?" anafunsa azakhali.

"Mawu ukawanena zaka ziwiri, umayamba kuwakhulupirira."

Agogo a ku Misuku anaseka mpaka makiyi a pa chitenje analira. Koma wa ku sekondale uja anadzuka mokwiya.

"Agogo, ine ndinaganizira zimenezi chaka chatha! Ndinayesa kasanu konse, inakana!"

"Unalemba bwanji?"

"N, d, a, y, i..."

Amalume anaimika dzanja. Mphunzitsi amene anagona mwa iwo chipumireni ntchito anadzuka ndi choko chomwe.

"Y ameneyo wachokera kuti? Ndi kuiwala, osati kuyiwala. N'chifukwa chake Chichewa unapeza 7 pa mayeso a teremu yatha."

Tonse tinali m'chiphwete, kupatula munthu mmodzi. Pakona, kamdzukulu ka Sitandade 4 kanali pa foni ya amayi ake, kakuonera makatuni, osadabwa ndi chilichonse. Azakhali ndiwo anayamba kuzindikira.

"Iwe, makatuniwo ukuonera pa bandulo ya ndani?"

"Ya agogo."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Ndinawafunsa, anandiuza, ndinalemba."

"Wopanda y?" anafunsa amalume, mawu akunjenjemera, sindikudziwa ngati ndi mkwiyo kapena kunyadira.

"Munandiphunzitsa nokha, agogo."

Usiku womwewo amalume anandikhazika pansi kuti tisinthe pasiwedi. Anailemba okha, ine nditayang'ana kudenga, ndipo ulendo uno anavomera kuilembanso pa kapepala, kamene agogo a ku Misuku anakamanga pa chitenje pamodzi ndi kiyi wa nkhokwe. Laputopu anaitsekera mu sutikesi.

M'mawa ndikutsanzika, kamdzukulu kaja kanabwera pakhonde, foni ya amayi ake ili m'manja, kanagwada mwaulemu.

"Agogo, pasiwedi yatsopano ndi chiyani?"

Amalume anatsegula pakamwa. Anayang'ana tizala tiwiri tili chire pamwamba pa sikirini, tikudikira. Anatseka pakamwa, anatola chipewa, n'kupita kukatsegulira nkhuku.